Kompyuta Yozima Yokha Sifuna Kufomatidwa

Pali mawu amodzi amene ndikufuna achoke pakamwa pa anthu okonza makompyuta, ndipo mawuwo ndi akuti "tifomate". Kufomata kuli ndi ntchito yake, inde, koma masiku ano kwasanduka panado wa nthenda iliyonse. Kompyuta ikuchedwa kuyaka, tifomate. Ikulira ngati chigayo, tifomate. Yangozima yokha munthu ali pakati pa ntchito, tifomate. Pa matenda onsewa, imene imandipweteka mtima kwambiri ndi yomalizayi. Desktop yomwe imangozima, sikirini n'kungoti bii popanda uthenga uliwonse, nthawi zambiri vuto lake silikhala mu Windows. Limakhala kutentha, fumbi kapena magetsi. Mukaifomata mwangopha mafayilo a mwiniwake, nthenda ili pompo.

Mwina mukuwerenga izi pafoni n'kumati za desktop n'zachikale. Tayang'anani bwino kumene mumakhala. Mnyamata amene amakuikirani nyimbo ndi mafilimu mu memory card pamsika wa Ndirande kapena Kawale ali ndi desktop. Pa stationery pomwe mumakatayipitsa CV pali desktop. Mu kastudio komwe mnzanu amajambulira nyimbo, mu ofesi ya sukulu, mu ofesi ya mpingo, monsemo muli mabokosi akale a Dell ndi HP amene anayamba agwira ntchito m'maofesi a kunja asanafike kuno. M'mabokosi amenewa muli ma beat a chaka chathunthu, zithunzi za ukwati zomwe eni ake sanatengebe, mayeso a ana, dissertation ya munthu, ndakatulo ndi nkhani zomwe sizinalembedwe kwina kulikonse. Izi ndi zimene timaika pamoto tikavomera msangamsanga kuti afomate.

Nkhani yake imayenda chimodzimodzi kulikonse. Mwasenza bokosi lanu, lomwe ambiri timangoliti CPU, mwafika nalo kwa wokonza. "Achimwene, ikumangozima yokha." Iye sanamasule sikulu ngakhale imodzi, sanafunse kuti imazima nthawi yanji, koma yankho ali nalo kale. "Iiih bwana, ameneyo ndi vairasi. Apa pafunika kufomata basi. Muli ndi zinthu zofunika m'menemo?" Inu mukuti zilimo. Iye akuti ayesetsa kusunga. Mawa mukubwera, mwapeza Windows yatsopano yonyezimira, mafoda ena alipo, ena apita. Mwalipira. Pakutha masiku atatu, masana dzuwa lili paliwombo, bokosi lija lazimanso.

Dokotala amene angakulembereni mankhwala musanamuuze pomwe pakupweteka mungamuthawe. Nanga uyu tikumupatsiranji ndalama?

Tiyambe ndi vairasi yomwe imanamiziridwayi. Mantha ake ali ndi pomwe anachokera. Mu 2003 kunabwera Blaster, mu 2004 kunabwera Sasser, ndipo zonsezi zinkachititsa makompyuta a Windows XP kuzima n'kuyakanso. Koma ngakhale zimenezo zinkatsanzika. Pa sikirini pankabwera kabokosi kokuuza kuti kompyuta izima pakatha masekondi 60, iwe n'kumaona nthawi ikuwerengedwa. Mavairasi a masiku ano amafuna kompyuta yanu ikhale yoyaka, kuti akubereni ma password, akutsekereni mafayilo n'kukulipiritsani, kapena agwiritse ntchito makina anu mwakachetechete. Wakuba sazimitsa galimoto yomwe akufuna kuthawa nayo.

Choncho funso loyamba, lomwe wokonza weniweni amafunsa, ndi lakuti: imazima bwanji? Kuzima kulipo kwa mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse ukuloza kwake. Ngati Windows ikutseka mapulogalamu bwinobwino n'kulemba kuti "Shutting down", ndiye kuti pali china chake chailamula kutero: update, pulogalamu ina, kapena batani loyatsira lomwe lakanirira. Ngati ikuonetsa sikirini yodzaza uthenga wa vuto n'kuyakanso yokha, ganizirani za driver, RAM kapena hard disk. Koma ngati ikungoduka ngati munthu wazula pulagi, mafani n'kusiya kuzungulira nthawi yomweyo, pamenepo Windows sinafunsidwe n'komwe. Nayonso yangodzidzimuka ngati inu.

Ndipo Windows imalemba zimenezi m'kaundula wake. Tsegulani Event Viewer, pitani pa Windows Logs, kenako System. Mukapeza nambala 1074, mzerewo ukuuzani pulogalamu kapena munthu amene analamula kuti kompyuta izime. Mukapeza 6008, kapena Kernel-Power 41, ndiye kuti inazima mosayembekezereka. Chenjerani apa, chifukwa ena amakuonetsani 41 ija ngati umboni woti Windows yawonongeka. Nambalayo sinena chomwe chachititsa. Ikungonena kuti ulendo wathawu sindinagone bwino, ndinachita kugwa. Palinso kabokosi kolembedwa "Automatically restart" pansi pa Startup and Recovery. Kachotseni chizindikiro, kuti ngati pali uthenga wa vuto ukhale pa sikirini muuwerenge, m'malo moti uzingothwanima n'kusowa.

Mayeso amene amathetsa mkangano wonse salira ngakhale tambala. Yatsani kompyuta n'kulowa mu BIOS, malo aja a zoikamo za makina omwe amabwera Windows isanayambe. Pa Dell mumadina F2, pa HP F10, pa Lenovo F1, pa mabokosi ochita kulumikiza nthawi zambiri Delete. Isiyeni pamenepo kwa ola limodzi kapena awiri. Ikazima ili m'menemo, Windows ilibe mlandu, chifukwa inali isanadzuke n'komwe. Mungaifomate kakhumi, palibe chomwe chingasinthe. Ikapanda kuzima, musafulumire kuweruza, pakuti mu BIOS makina sagwira ntchito yolemetsa. Ikani Ubuntu pa fulashi, yatsirani kompyutayo pa fulashipo osakhudza hard disk, tsegulani mavidiyo angapo kuti itope. Ikazimanso, mwaona nokha kuti vuto lili m'zitsulo. Wokonza amene sanachite chimodzi mwa ziwirizi alibe ufulu wotchula mawu oti kufomata.

Tsopano tiyeni kwa wolakwa wamkulu, kutentha. M'kati mwa bokosi muli kachipangizo kotchedwa processor, komwe ndiye CPU yeniyeni. Kamatentha kwambiri kakamagwira ntchito, n'chifukwa chake pamwamba pake amaikapo chitsulo cha mizeremizere, heatsink, ndi fani yopemerera. Kompyuta ikangokhala osachita kanthu, processor imakhala cha m'madigiri 30 mpaka 50. Ikayandikira 100, ma processor ambiri amayamba kudzichepetsera liwiro okha. Kutenthako kukapitirirabe, makina amadula magetsi kuti asapse. Ndiye kuzima kuja mukukutcha nthendaku, nthawi zina ndi kompyuta kudzipulumutsa. Ili ngati munthu amene wakomoka padzuwa, inu m'malo momuika pamthunzi mukumumeta mpala.

Zizindikiro zake sizibisika. Imayaka bwino m'mawa, n'kuzima pakatha mphindi makumi awiri kapena atatu. Mukaiyatsanso pompopompo imazima msanga kuposa poyamba, koma mukaisiya ipole imapirira. Fani imalira ngati minibasi pa chitunda. Imavuta kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, miyezi yomwe ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, koma mu Juni imakhala phee. Mapulogalamu aulere ngati HWMonitor kapena Core Temp amakuonetsani madigiriwo pa sikirini. Vairasi yanji yomwe imadziwa kalendala, n'kumapuma nyengo yozizira?

Masulani chivundikiro cha m'mbali muone. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo apa mwambiwu nthawi zina umakhala weniweni: nyerere, mphemvu, ukonde wa kangaude, ngakhale buluzi wouma. Koma chachikulu ndi fumbi. Limaundana pakati pa fani ndi heatsink n'kukhala ngati bulangeti, mpweya osadutsa. Bokosi lomwe linapangidwira ofesi yotsekedwa bwino talikhazika pansi, m'kashopu koyang'ana msewu wadothi. Ena timaliika m'kabati yotseka. Ena timalifunditsa chitenje poopa fumbi lomwelo, n'kuiwala kuchotsa poyatsa. Kenako tikudabwa.

Kuchotsa fumbi si ufiti. Zimitsani, zulani pulagi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Tulutsani bokosilo panja. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanakhudze zam'kati. Pemererani ndi blower, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga, ndipo pomwe fumbi lakakamira gwiritsani ntchito kaburashi kofewa kouma. Madzi ayi. Mukatero yatsani chivundikiro chili chotsegula, muone ngati mafani onse akuzungulira. Fani yomwe ikuchita kufuna kukankhidwa ndi chala yatha, igulidwe ina.

Pakati pa processor ndi heatsink pamakhalanso kaphala kotuwa, thermal paste, komwe kamathandiza kutentha kuwoloka. Pakapita zaka kamauma n'kukhala ngati dothi la pa chulu. Kamafunika kupukuta, n'kuika katsopano kochepa ngati njere ya mpunga, heatsink n'kumangidwa bwino ngodya zonse zinayi. Ndipo chonde, mankhwala otsukira mano si thermal paste, kaya mwaona vidiyo yanji pa TikTok.

Ngati madigiri ali bwino koma ikuzimabe, yang'anani power supply, kabokosi kachitsulo kaja komwe chingwe cha kukhoma chimalowa. Ntchito yake ndi kusandutsa magetsi athu a 230 volts kukhala 12, 5 ndi 3.3 volts omwe zipangizo zam'kati zimadya. Nako kamakalamba. Kakatopa kamakwanitsa ntchito zopepuka, koma mukangoyamba kupanga vidiyo kapena kutsegula gemu kamagonja. Nthawi zina kamazima patangopita masekondi ochepa muyatsire, nthawi zina mumamva kafungo ka kupserera. Timabokosi tating'ono ta mu ofesi tambiri timabwera ndi power supply yosafika ma watts 300, ndiye wina akaikamo graphics card yaikulu kuti azisewera mpira, wasenzetsa bulu katundu wa lole. Njira yodziwira ndi kuikamo power supply ina yomwe mukudziwa kuti ndi yabwino, n'kuona ngati vuto latha. Shopu yomwe ilibe ngakhale imodzi yoyesera ndi shopu yoika Windows, si yokonza makompyuta.

Kabokosi kameneka musakatsegule. M'kati mwake muli ma capacitor omwe amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, ndipo akhoza kukuvulazani koopsa. Ma capacitor omwe mungayang'ane ndi maso ndi a pa motherboard, timigolo ting'onoting'ono toimirira. Pamwamba pake pamayenera kukhala pafulati. Mukaona kena katatupa kapena katatuluka zinthu zofiirira, mwapeza wolakwa wina. Pa mabokosi akale kwambiri pamakhalanso kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kuno kamayenera kukhala pa 230, ndipo mwana asakaseweretse.

Ndiye pali khoma lenilenilo. Laputopu ili ndi batire, magetsi akaphethira siimva kanthu. Desktop ilibe. Power supply yake imangopirira mamilisekondi 16 kapena 17 basi, nthawi yochepa kuposa kuphethira kwa diso. Babu la m'nyumba mwina simuliona n'komwe likuthima, koma kompyuta yapita kale. Tonse tikudziwa mmene magetsi amavutira, ndipo tikukumbuka mdima womwe unabwera namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Koma mavuto ambiri amayambira m'nyumba mwathu momwemo. Soketi yogwedera. Ekisitenshoni yotchipa yomwe yanyamula kompyuta, printa, sipika, matchaja asanu ndi ketulo. Ayironi kapena hotplate pa waya yemweyo. Fuliji yomwe ikamayaka mababu amachita ngati akugona. Woweledera zitseko kuseri kwa mpanda. Yesani kulumikiza kompyuta yokha pa soketi ina yolimba, ndi chingwe china, kapena kaiyeseni kunyumba kwa mnzanu. Ngati kumeneko ikugwira tsiku lonse, bokosi lanu lilibe mlandu.

Apa ambiri amagula surge protector n'kuganiza kuti athana nazo. Imeneyo imateteza magetsi akakwera mwadzidzidzi, koma akatsika kapena kuduka ilibe chochita. Chomwe chimagwira kompyuta magetsi akaphethira ndi UPS, yomwe imakupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwino. Dziwaninso kuti batire ya UPS imafa pakapita zaka zochepa, ndipo UPS ya batire yakufa imatha kukhala yomwe ikuzimitsa kompyuta yanu. Ichotseni kaye muyese popanda iyo.

Zatsala zing'onozing'ono. RAM yomwe sinakhale bwino m'malo mwake, makamaka bokosi likayenda pa kabaza kapena m'buti ya minibasi: itulutseni, ibwezereni mpaka imveke kuti yalowa, ndipo ngati zilipo ziwiri yesani imodziimodzi. Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86 zimayeza ngati ili bwino. Zingwe za m'kati zomwe zakhwefuka. Doko la USB lothyoka lomwe timawaya take tikugundana. Zonsezi munthu amaziona ndi maso ndi manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani chomwe chachitika, kenako pitani pa china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudzadziwa chomwe chinali vuto.

Ndikudziwa chomwe ena anene. "Koma ine anandifomatira ndipo inasiya kuzima." Zimatheka. Pali nthawi zomwe driver yoipa kapena Windows yowonongeka imagwetsadi kompyuta, ndipo pamenepo kuikanso Windows kuli ndi nzeru, bola mayeso aja asonyeze kaye zimenezo. Palinso mapulogalamu oipa amene amagwiritsa ntchito processor usana ndi usiku mpaka kutentha. Koma taganizirani: processor yomwe fani yake ndi yoyera imayenera kupirira ntchito yolemetsa osazima. Ngati inkazima, ndiye kuti kuziziritsa kunali kofooka kale. Windows yatsopano yopanda mapulogalamu ambiri yangoipeputsira katundu, ndipo tsiku lomwe mudzaisenzetsenso idzagwa. Nthawi zinanso wokonzayo anaipemerera fumbi ali pakati pofomata, chomwe chinachiza n'kukhala blower, koma ulemu n'kupita kwa fulashi ya Windows.

Ndiponso kufomata kompyuta yomwe ikuzimazima n'kuika moyo pachiswe. Ikazima Windows ili pakati polowa, mwatsala ndi bokosi lopanda yakale, lopanda yatsopano. Mukapulumuka pamenepo, mapulogalamu okuba omwe amakuikirani pambuyo pake ndi amene nthawi zambiri amabweretsa vairasi yeniyeni, yomwe poyamba munalibe.

Sindikuti okonza makompyuta onse ndi atsinzinantole. Alipo akatswiri enieni m'matauni mwathu, anyamata ndi atsikana oti amasintha capacitor pa motherboard ndi manja awo. Ndipo ofomatawo nawonso tawaphunzitsa ndife makasitomala. Munthu akakhala maola atatu akuyeza, n'kupeza kuti vuto linali fumbi, timati, "Ndiye ndilipire chani, mwangopemerera basi?" Koma akatipatsa sikirini yatsopano ya chithunzi chokongola timatulutsa ndalama mosanyinyirika, chifukwa taona kuti pachitika kanthu. Tikulipira chionetsero, n'kumakana kulipira nzeru. Nayenso akufuna ya ndiwo, ndiye agulitsa chomwe chikugulidwa. Ngati tikufuna kuti asiye, tiyambe kulipira munthu chifukwa chopeza vuto, ngakhale kukonza kwake kutenge mphindi zisanu.

Koma kumvetsa chifukwa chake sikufafaniza mlandu. Munthu amene wakupatsani bokosi lake wakupatsani zaka za ntchito yake. Kufufuta zimenezo musanatsegule n'komwe chivundikiro ndi ulesi wovala yunifolomu ya ukatswiri. Amene sadziwa anene kuti sindikudziwa, pitani kwa uje. Palibe manyazi pamenepo.

Inuyo eni ake, tsiku lomwe kompyuta yazima yokha koyamba, musadikire kachiwiri. Kuzima kulikonse kotere kukhoza kuwononga fayilo yomwe inali yotsegula, ndipo hard disk siikonda kudulidwa magetsi ili pa ntchito. Koperani zofunika zonse pa fulashi kapena pa hard disk ina lero lomwe. Zolemba sizilemera: Google Drive imapereka 15 GB yaulere, ndipo buku lathunthu la nkhani silingakudyereni bandulo kuposa kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp. Ngati bokosi silikupirira mpaka mumalize kukopera, hard disk imatha kuchotsedwa n'kulumikizidwa pa kompyuta ina. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Mukatero, senzani bokosi lanu, ndipo mukafika funsani mafunso atatu. Achimwene, mwaitsegula m'kati? Processor ikufika madigiri angati? Mwaiyesa mu BIOS kapena ndi power supply ina? Katswiri weniweni adzasangalala kuti mwafunsa, ndipo adzakuyankhani ndi manambala. Akakuyankhani kuti "bwana, musavutike, ndi vairasi ameneyo", muthokozeni mwaulemu, nyamulani bokosi lanu, pitani shopu ina.